Dzina Langa Pakhoma la Madainoso

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha makala. Ndinkajambula nkhope za akabaza pa makatoni ku Limbuli, kungotaya nthawi, pamene a Makwinja anaima kumbuyo kwanga. Iwowa anali mmisiri wolemba zikwangwani, ndipo magolosale ambiri a mumsewu wa ku Muloza anali ndi dzina la a Makwinja pakona ya khoma. Anayang'ana katoni yanga nati, "Mphuno ukuzitha. Mawa ubwere, uzidzanditsukira maburashi."

Ndinatsukadi maburashi, mu thina wosungunulira penti, mpaka zala kusuwa. Kenaka anandiphunzitsa khoma: kulipala ndi sandipepa, kupaka andakoti, penti woyamba uja, kumenya mizere ndi chingwe chothira choko, kujambula ndi khala, penti pamapeto, kuyambira mitundu yowala. Ankadziwa ntchito bamboyo, sindingawanamizire. Koma anali ouma manja pa chinthu chimodzi. Pantchito yathu dzina la pakona ndiye msika. Munthu akakonda khoma amawerenga pamenepo n'kukufunafuna. A Makwinja sankalola wophunzira kulembapo ngakhale kadontho.

Chaka chachiwiri tinapeza ntchito pa sukulu ina yapulaiveti. Mphunzitsi wa sayansi, mayi Nakoma, anafuna khoma lopangitsa ana kuganiza. Anatifotokozera za madainoso, zinyama zija zinatha kalekale chimwala chitagwa kuchokera kumwamba, anthu asanakhaleko. Anati nthawi imeneyo nyama zoyamwitsa zinali tizinthu ngati mbewa, ndipo mbalame ndi zidzukulu za madainosowo. "Ndiye mundijambulire Mulanje wa lero," anatero, "zikanakhala kuti sizinafe."

A Makwinja anakanda m'mutu, nandisiyira ine zinyamazo. Iwo anatenga phiri ndi mitambo.

Sindinasangalalepo ndi ntchito ngati masabata amenewo. Ndinkafunsa mayi Nakoma, n'kumaganiza ndekha ndili pamakwerero. Kuphiri kumazizira chiperoni chikabwera, choncho dainoso wa kumeneko ndinamupatsa nthenga zochindikala ngati za nkhuku yofungatira. Wina ndinamupatsa zikhadabo zokowera ndi mchira wolimba, akukwawa pathanthwe la Chambe. Wina wa khosi lalitali ankabudula nsonga za mikungudza. Mbuzi ndinaichepetsa kukhala ngati gologolo, ikusuzumira kuuna ndi maso aakulu, poti ikanakulira kuti zimphona zili pabwalo? Ndipo ndinadzifunsa: anthu akanapanda kukhalapo, akanachenjera ndani? Ndinajambula dainoso woima ndi miyendo iwiri, wamutu waukulu ndi zala zitatu, dengu kumsana, akuthyola tiyi. Ana ankaunjikana nthawi yopuma n'kumamutcha Achimwene.

Tsiku lomaliza a Makwinja anandipatsa kaburashi kakang'ono kolembera. "Khomali ndi lako, mphwanga. Lemba dzina. Likulu, lioneke."

Misozi inalengeza. Ndinalemba LUKASI ndi penti wakuda, ndipo madzulo ndinakauza mayi anga kuti ndakula. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Pa tsiku la msonkhano wa makolo ndinavala shati yanga ya kutchalitchi. Ndinapeza anthu ataima pakhoma, koma palibe ankaseka. Wapampando wa komiti ya makolo, mkulu wa mpingo wina, analoza Achimwene ndi ambulera.

"A Makwinja, si tinakuuzani sabata yatha ija kuti chiwanda ichi chichoke? Munthu wa mutu wa buluzi! Ana athu azilota chiyani?"

Sabata yatha. Mawuwo anandilowa ngati madzi ozizira. Ine kaburashi kaja anandipatsa dzana lake. Ndiye kuti pondipatsa n'kuti atamva kale.

A Makwinja sanandiyang'ane n'komwe. "Bambo, ine ndinapenta phiri lokha. Werengani pakonapo. Ndinamuletsa mnyamatayu, koma ana a masiku ano, kaya amazitenga kuti zinthu zotere."

Makosi onse anatembenukira pakona, kenaka kwa ine. Mayi Nakoma anayesa kulankhula, nati iwo ndiwo anapempha chithunzicho, koma mwini sukulu anawadula. Anati makolo akachotsa ana, sukulu yatha. Mayi wina amene ankapemphera ndi mayi anga anakokera mwana wake kumbuyo ndikamadutsa. Chimenecho chinandipweteka kuposa zonse.

Anandipatsa ndowa ya laimu ndi burashi yaikulu. Ndinafufuta ndekha, anthu akuonerera. Penti wamafuta samvera laimu, amatulukirabe, moti ndinabwereza mpaka mkono kuuma. Dzina langa ndilo linavuta kwambiri kubisa, chifukwa ndinali nditalilemba lakuda, likulu, monga anandiuzira. A Makwinja anali pamthunzi akucheza ndi wapampando za chikwangwani cha tchalitchi chawo, ndipo ntchitoyo anaipezadi.

Sindinabwererenso kwa a Makwinja. Ku Limbuli ndinasanduka "wojambula ziwanda uja", ndipo ngakhale wometa tsitsi anakana kuti ndimulembere mitengo pakhoma. Ndinakayambiranso ku Luchenza, kumene kunalibe ondidziwa. Mkwiyo wanga sunali pa makolo aja. Iwo anaopa poyera, ndipo munthu wamantha umatha kukhala naye pansi. A Makwinja akanangondiuza kuti kwavuta, ndikanamufufuta Achimwene ndekha, khoma lonse n'kupulumuka. Anasankha kundimwetulira n'kundipatsa kaburashi.

Lero ndili ndi shopu yanga ndi ophunzira anga. Khoma likakhala lokoma, amalemba dzina ndi iwo. Likakhala lokayikitsa, ndimalemba langa, chifukwa ndine ndinavomera ntchitoyo. Ndipo munthu wouma manja akandipatsa mphatso mwadzidzidzi, ndisanathokoze ndimayamba ndafunsa kuti iye wamva chiyani chimene ine sindinamve.