Dzina la Mkazi Wina pa Kompyuta Yathu

Kompyuta ija inalowa m'nyumba mwathu ku Mufakose itakulungidwa m'jekete la amuna anga. Iwo amagwira ntchito yolandira ndi kutulutsa katundu pa depoti ina ku Workington, ndipo chaka chimenecho mabwana awo atagula makompyuta atsopano, akale anawagawira antchito okhalitsa. Inali laputopu yakuda, yolemera, yobenthuka pakona. Ndinaipukuta ndi kansalu, n'kuiika patebulo la pabalaza.

Ine ndinali nayo cholinga. Ndinabadwira mu Harare momwemuno, koma agogo anga anachokera ku Dedza, ndipo kutchalitchi kwathu akuluakulu amaimbabe m'Chichewa pamaliro ndi paukwati. Ana athu mawu a nyimbozo sawadziwa, amangotsatira ndi mphuno. Tikapita kosindikizitsa mapepala kumashopu, anyamata akumeneko ankalemba Chichewa chathu ngati Chishona, mawu ena n'kuwadula pakati, moti nkhalamba zinkabweza timapepalato zikupukusa mutu. Ndinkafuna kuti timapepala ta nyimbo ndizitilemba ndekha.

Kulemba kunkatheka bwinobwino. Vuto linkabwera ndikafuna kuikamo pulogalamu yatsopano. Sikirini yonse inkachita mdima, pakati n'kutulukira kabokosi kofunsa m'Chingerezi ngati ndikulola kuti pulogalamuyo isinthe zinthu m'kompyuta. Kuti uvomere, umayenera kulemba pasiwedi ya woyang'anira kompyutayo, ndipo pamwamba pa malo olembapowo pankaoneka dzina lake. Silinali dzina la amuna anga. Linali la mkazi.

"Bambo, uyu ndi ndani?" ndinawafunsa tsiku loyamba, chala changa chili pa dzinalo.

"Ndi sisi amene amatikonzera makompyuta kuntchito," anayankha akuvula nsapato. "Anati akatipatsa mphamvu zonse, sabata siitha tisanaiononge. Ndiye kiyi wasunga yekha. Pakakhala chofunika, ndizipita nayo akalembe."

"Kompyuta ndi yanu kapena ndi yake?"

"Ndi yathu, amayi. Akungotiteteza."

Zinkamveka zanzeru. Koma kuyambira pamenepo kompyuta yathu inayamba kuyenda maulendo. Ndikafuna pulogalamu yotsegulira zithunzi, kabokosi kaja n'kubwera, amuna anga ankatenga foni n'kutuluka nayo pakhonde. Ndili kukhitchini ndinkamva akulankhula Chishona chofewa, chija amalankhula ndi abusa kapena ndi adokotala, kenako kuseka. Ndi ine amalankhula Chichewa chachidule, cha pakati pa anthu amene anazolowerana kalekale. M'mawa mwake laputopu inkalowa m'chikwama, madzulo n'kubwera itakonzedwa, iwo akuimba kamluzu.

Ndinayamba kuona zinthu zomwe mwina zinalipo kale. Tsiku lonyamula kompyuta ankameta ndevu. Ankandiuza nkhani za sisiyo osafunsidwa: kuti anaphunzira yekha madzulo akuweruka, kuti ngakhale abwana aakulu amamudikira pakhomo la ofesi yake. Ndipo anayamba kupeza okha zifukwa. Lero pulogalamu yoonerera mpira, sabata yamawa yomvera nyimbo, zinthu zomwe akabwera nazo sankazitsegula n'komwe. Ine ndinali ndisanamuonepo mkaziyo, koma dzina lake ndinkalidziwa chilembo chilichonse. Linkatulukira pabalaza panga masana, ndili ndekha, n'kundiuza kuti pano sindingapitirire popanda iye.

Kenako kunagwa maliro. Anamwalira bambo wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu, wochokera ku Chipata, amene ankatsogolera nyimbo kuyambira ndili mwana. Uthenga unafika Lachinayi, kuika kunali Loweruka. Mayi amasiye anandigwira dzanja pasiwa n'kunena kuti, "Mwanawe, nyimbo za abambo ako ulembe ndiwe. Asakatilembere anthu osazidziwa."

Mchimwene wanga wa ku Hopley anali ndi pulinta yakale imene sankaigwiritsa ntchito, ndipo anabwera nayo Lachisanu m'mawa. Nyimbo ndinali nditalemba kale, magetsi analiponso tsikulo, chinthu chosadalirika kwathu kuno. Ndinalumikiza chingwe, koma kompyuta siinaizindikire pulintayo. Ndinafufuza pa intaneti, ndinapeza tsamba lokhala ndi chithunzi cha pulinta yofanana ndi yathu ndi batani lalikulu lobiriwira. Ndinadina, pulogalamu inabwera, ndinaitsegula. Sikirini inachita mdima.

Ndinaimbira amuna anga kuntchito.

"Ndipatseni sisi wanuyo ndilankhule naye," ndinatero. "Lero palibe zonyamula kompyuta. Maliro ndi mawa."

Ndinamva akuyenda, chitseko chikutseguka, kunong'onezana. Kenako kunabwera mawu aakazi, odekha, akundipatsa moni m'Chishona. Ndinamufotokozera zonse m'Chishona chomwecho, n'kumupempha kuti angondiuza pasiwediyo, ndilembe kamodzi kokha.

"Pepani za maliro, amai," anatero. "Koma pafoni sindingakuuzeni."

"Ndine mkazi wawo. Kompyutayo ili m'nyumba mwanga."

"Ndikudziwa. Koma chomwe mukufuna kulowetsacho sindikuchiona. Ndibwera ndekha tikaweruka."

Ndinadula foni ndisanatsanzike. Tsiku lonselo ndinakhala ndikupita kusiwa ndi kubwerera, amayi a pasiwapo akundifunsa ngati timapepala tatuluka, ine n'kumati tili pafupi. Ndinakolopa pabalaza, ngakhale ndinali nditakolopa kale m'mawa, ndipo ndinasintha nsalu ya patebulo. Ndinadzida ndikuchita zimenezo, koma ndinazichitabe.

Dzuwa litapendeka ndinawaona akuchokera kokwerera makombi, maminibasi a kuno, akuyenda limodzi. Amuna anga anamunyamulira chikwama. Amayi a nyumba yoyandikana nafe anasiya kuanula zovala n'kuima kuyang'ana. Ndinkayembekezera kuti mwina adzakhala wachikulire, kapena wosaoneka bwino, kuti ndidziseke ndekha. Sizinali choncho. Anali wamng'ono kwa ine, wamtali, tsitsi lometa bwino, nsapato zafulati zodzaza fumbi. Anandipatsa moni akuomba m'manja mwaulemu, n'kukhala pampando wa amuna anga, pomwe ngakhale ana athu sakhalapo. Iwo anakhala pa kampando kakang'ono pambali pake.

Ndinabweretsa tiyi. Ndikutsegula chitini cha shuga, iye anayang'ana n'kuseka pang'ono.

"Mukoma musawathirire," anatero. Mukoma ndi momwe ankawatchulira amuna anga, ngati mkulu wake. "Kuntchito timawabisira. Adokotala anawaletsa."

"Ndikudziwa," ndinayankha. "Kuchipatalako ndinapita nawo ndine."

Anatsegula pulogalamu yomwe ndinatenga m'mawa ija, kabokosi kanatulukira, koma sanalembe kanthu. Anandikodola kuti ndiyandikire.

"Mukuona apa? Kabokosika kamakuuzani amene anapanga pulogalamuyo. Apa palembedwa kuti wopanga wake sakudziwika. Iyi siyochokera kwa amene anapanga pulinta. Ndi ya anthu ena amene angoika chithunzi cha pulinta kuti mudine. Ikanalowa, sindikudziwa ikanachita chiyani ndi nyimbo zanuzo."

Anadina pokana, n'kuifufuta. Anapita pa tsamba la eni ake a pulinta, anatenga ina, ndipo kabokosi katabweranso anandionetsa kuti tsopano dzina la wopanga likuoneka. Ndi pomwe analemba pasiwedi yake, zala zikuthamanga. Pulinta inadzuka, inakoka pepala, nyimbo yoyamba inatuluka yofunda.

"Mwaona, amayi?" anatero amuna anga, nkhope ikuwala ngati apanga ndi iwo. "Mukanatiphera kompyuta lero."

Anali asananamepo kanthu mkaziyo, ndipo chimenecho ndicho chinandiwawa kwambiri. Ndikanakonda akanalakwitsa penapake.

"Nanga funsoli simungalichotse?" ndinamufunsa. "Kuti isamandiimitse pa chilichonse?"

"Ndingathe. Pali pozimitsira. Koma ndikatero, chilichonse chizilowa osakufunsani, ngakhale chija cha m'mawa. Funsolo lisiyeni. Chofunika kusintha ndi woyankha." Anamwa tiyi n'kuika kapu pansi. "Amene amagwiritsa ntchito kompyutayi ndi inu. Ndikupangirani malo anu a woyang'anira, pasiwedi musankhe nokha, anga ndichotsemo. Masiku onse muzilowera kumene mumalowera kale. Kabokosi kakabwera, muziyamba mwawerenga, musanalembe."

"Ayi, ayi," amuna anga analowerera msanga. "Zisiyeni momwe zililimu, sisi. Inu ndi amene mumazidziwa. Ine kunyamula sikundivuta."

"Kukundivuta ine, mukoma." Ananena mosakweza mawu, maso ali pa sikirini. "Lamlungu ndili m'tchalitchi, foni. Ndili ku Caledonia ndikukangana ndi omanga nyumba yanga, foni. Ndili ndi makompyuta a depoti yonse, kuonjezapo a m'nyumba zanu. Anzanu onse ndinawabwezera kale makiyi awo. Mwatsala inu nokha, poti mumangoti tidzaona."

Ndinawayang'ana amuna anga. Anaseka kaphwete kosamveka bwino, anatenga kapu, anapeza kuti ndi yopanda kanthu, n'kuibwezera. Makutu awo anaoneka ngati agwa. Takhala m'banja nthawi yaitali, nkhope imeneyo ndimaidziwa: ndi ya munthu amene wauzidwa pagulu kuti komwe ankaganiza kuti amamuyembekezera, ankangomupirira. Ndinkaganiza kuti tsiku lomwe ndidzadziwe kuti mkaziyo alibe nawo kanthu ndidzapepukidwa. Sindinapepukidwe. Ndinaona poyera kuti iwo anali nako kanthu, kakang'ono kapena kakakulu, ndipo kanali kawo okha.

Iye sanazione zonsezo, kapena anasankha kusaziona. Ananditembenuzira kompyuta.

"Lembani, amai. Ikhale yaitali, isakhale dzina la mwana kapena tsiku lobadwa." Anatembenukira kuwindo. "Nanunso mukoma, yang'anani kumbali."

"Ngakhale ine?"

"Ngakhale inu. Akafuna adzakuuzani okha."

Amuna anga anayang'ana kukhoma. Ndinalemba mawu anga pang'onopang'ono ndi chala chimodzi, ndinabwerezanso monga kompyuta inafunira. Sisiyo anachotsamo malo ake, anatseka chikwama, n'kunena kuti athamangire kombi ya kutauni, poti kwawo n'kutali, mbali ina ya mzinda. Amuna anga ananyamuka kuti amuperekeze.

"Khalani, bambo, muziyang'anira pulinta," ndinatero. "Mlendo ndimuperekeza ndine."

Panjira sitinalankhule zambiri. Anandifunsa tanthauzo la mzere woyamba wa nyimbo yomwe inatuluka ija, ndinamumasulira, anati ndi yabwino. Ndinamuthokoza chifukwa chobwera, ndipo ndinathokoza moona. Komabe kombi itanyamuka ndinaima kuyang'ana mpaka inakhota, ngati ndikufuna kutsimikiza kuti wapitadi.

Loweruka timapepala tinakwanira aliyense. Kumanda achinyamata anaimba nawo akuwerenga, mawu onse, ndipo mayi amasiye anapinda kawo n'kukasunga m'chikwama. Amuna anga anathandiza kukwirira, anabwera ali fumbi lokhalokha, tinabwerera kunyumba ngati anthu ena onse.

Masabata otsatira sanaikhudze kompyuta. Nkhani za kuntchito zinachepa, za sisi zinatheratu. Ine ndinayamba kulandira ntchito zambiri, za maukwati, za ubatizo, za misonkhano ya amayi. Kabokosi kankabwerabe, nthawi zina pa zinthu zazing'ono, ndili pa changu, munthu akundidikira pakhomo. Kangapo ndinatsegula malo ozimitsira aja, ndinawayang'ana, n'kutsekanso. Sindinganene kuti chinali chenjezo lake lokha lomwe linkandiletsa. Ndinkafunanso kuti ngati angadzamve za kompyutayi, amve kuti ili bwinobwino m'manja mwanga.

Tsiku lina Loweruka masana ndikuchapa kuseri, amuna anga anandiitana. Ankafuna kuonera mpira, ndipo mnzawo wina anawatumizira pulogalamu yatsopano. Ndinalowa manja ali thovu, ndinawapukutira pachitenje, n'kuwerama kuwerenga.

"Wopanga wake sakudziwika," ndinatero. "Iyi ayi."

"Mnzangayo akuonera bwinobwino. Ingolembani, mpira wayamba."

"Sindilemba."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwayamba kulankhula ngati iye," anatero.

"Iye akanalemba?"

Anatseka laputopu, anavala chipewa, n'kupita kukaonera mpira kumashopu. Ine ndinabwerera kuzochapa zanga, ndipo atabwera madzulo anandiuza kuti timu yawo yagonja, tinadya, sitinaitchulenso nkhaniyo.