Mowa wowawa wa mzungu wa manyowa

Kale ndinkakhulupirira chinthu chopusa: kuti munthu amene mwagawana naye thumba limodzi la feteleza sangakuchiteni chipongwe. Ndinkati amene wakugwirira kukamwa kwa thumba, iwe n'kumatapa ndi mbale, ameneyo ndi m'bale woposa wa bere limodzi. Sekani ndithu, ine mano osekera anatha.

Zinali zaka zija za makuponi. Kwathu kuno, chakumpoto kwa Kasungu, makuponi ankabwera ochepa kuposa makomo, ndiye anthu tinkagawana. Ine ndinkagawana ndi asewere anga, bambo wake wa mnyamata amene anakwatira mwana wanga. Chaka china kuponi inkatuluka m'dzina langa, chaka china m'dzina lawo, koma thumba tinkalitsegula limodzi pansi pa chigafa changa cha fodya, theka kwanga, theka kwawo. Feteleza wa chimanga uja tonse tinkamuzembetsera ku fodya, ndipo palibe anaululapo mnzake. Munthu wotero mungamukayikire?

Sukulu ndinalekezera panjira, koma lilime ndinali nalo. Mayi aliyense wa m'dera lathu akafulula masese, ankayamba wamwako yekha kuchotsa ufiti, kenako chipanda choyamba chinkabwera kwa ine. Ndikati "wapsa," amuna ankakhala pansi n'kuvula zipewa. Ndikati "wasasa," ndinkathira pansi pamaso pa onse, amwe a kumanda amene sadandaula za m'mimba. Sikunali kunyoza ayi, unali mwambo, ndipo amayi ankaudziwa. Udindo umenewo unalibe malipiro, koma ndiwo wokha umene ndinakhalapo nawo pa dziko lino.

Ndiye kunabwera mzungu wa ku Beljiyamu, wamtali ngati mlongoti wa chigafa, kudzatiphunzitsa kupanga manyowa. Mvetsani: manyowa, m'zaka za makuponi! Tinkamumvetsera mwaulemu, tinkawomba m'manja, kenako n'kubwerera kukafunsa za mayina a kuponi. Ankakhala pafupi ndi magolosale a kwa Kaluluma, ndipo mphekesera zinkati kusungulumwa kwamuyambitsa kufulula mowa wa kwawo m'ndowa.

Loweruka lina, fodya atapita kale ku okushoni, asewere anatulukira atavala jekete.

"Asewere, mzungu wa manyowa akufuna lilime. Ndamuuza kuti dera lonse lino lilime ndi limodzi."

"Mwanena zoona kamodzi pa moyo wanu," ndinatero ine, ndikufunafuna nsapato.

Pamene tinafika, galu wa mzungu anandiuwa ine ndekha. Asewere anawagwedezera mchira. Ndinaganiza kuti mwina jekete lija linkanunkha usipa. Pakhonde panali mayi amene ankamuphikira mzunguyo, akusenda mbatata. Mayi ameneyu ndiye anali katswiri wa masese kuchokera kwathu mpaka ku Nkhamenya, ndipo zipanda zake zoyamba ndinazimwa zosawerengeka. Anandigwadira, ine ndinayankha ngati mfumu.

Mzungu anatulutsa mabotolo opanda chizindikiro ndi matambula a mimba, okhala ngati chikho cha pa guwa. Chotsegulira chinasowa. Asewere anangotambasula dzanja kuseri kwa chitseko n'kuchipeza pa msomali. Apanso ine osadzidzimuka. Mutu wanga unali pa thovu, limene linakwera loyera, lolimba, moti mukanaikapo ndolo sikanamira. Mowawo unali wa mtundu wa uchi, wambuu pang'ono. Mzungu anamwako kaye, napukuta ndevu.

"Ndachotsa ufiti," anatero.

Ndinasangalala kuti mwana wa eni ake ali ndi mwambo, osadzifunsa kuti anamuphunzitsa ndani. Anandionetsa timaluwa touma tobiriwira m'kapepala, nati dzina lake ndi hopu, anamutumizira ndi mlongo wake, ndipo timeneti tinali tomaliza.

"Abambo, mundiuze zoona. Mupereke malikisi, kuyambira ziro mpaka teni, ngati mukusankha fodya."

Analowa m'nyumba kukatenga mtedza. Ine ndinakweza tambula ndi kumwa monga timwera masese, kukhosi kotsegula.

Mayo ine! Ndinamwapo mankhwala a malungo akale aja, ndinalumapo ndulu ya mbuzi mwangozi, koma izi zinali zina. Kuwawa kunagwira lilime, kunakwera m'mphuno, kunakakhala kuseri kwa makutu. Ndinayang'ana asewere. Nkhope yawo inali itakwinyika ngati tsamba la fodya logwa m'chigafa.

"Asewere, ichi n'chiyani?" ndinanong'ona.

"Ndulu yeniyeni," iwo anatero. "Waonongeka umenewu."

"Timuuze?"

"Nenani inu, ndinu lilime. Musamunyengerere chifukwa cha khungu. Mwambo ndi mwambo. Ine ndili pambuyo panu."

Mzungu atabwera ndi mtedza, ndinaimirira, ndinakonza kolala. Ndinamuuza mwachifundo, ngati bambo, kuti mowa wake wafa. Ndinati ukanakhala fodya, belo limeneli likanabwezedwa ku okushoni lisanatsike n'komwe m'galimoto. Ndinamulangiza kuti timaluwa tija akatayire nkhuku, aonjezere chimera, ndipo ngati zavuta apemphe mayi ali pakhondewo amuphunzitse. Malikisi ndinapereka awiri, a thovu. Kenako ndinapendeketsa tambula, mowa wonse n'kuthira pa fumbi.

Mzungu anayang'ana pansi pomwe panali ponyowa. Khosi lake linafiira. Mpeni wa mayi uja unasiya kusenda. Ndinatembenukira kwa asewere kuti alankhule tsopano, poti anali pambuyo panga.

Asewere anatenga tambula yawo ndi zala ziwiri, ku mwendo kwake. Anaizunguza pang'onopang'ono. Analowetsamo mphuno, natsinzina. Anamwako pang'ono ngati mbalame, nasunga m'kamwa, nameza.

"Asewere, mwafulumira," anatero mofatsa. "Mowa uwu samwa ngati wothawa mvula. Imvani fungo: makoko a lalanje, kumbuyo kwake nthochi yakupsa. Kuwawako ndiye mwini mowa, ndi ntchito ya hopu. Kumabwera pomaliza kudzasesa m'kamwa kuti ufune wina. Bwana, uwu ndikupatsani eyiti. Waposa wa mwezi watha uja, umene unali wotsekemera mopitirira."

Wa mwezi watha! Pamenepo galu, msomali ndi ufiti uja zinandibwerera pamodzi. Munthu uyu, amene ndinkamugwirira thumba, anakhala akubwera kuno mwakachetechete, kuphunzitsa lilime lake kuwawa, kuloweza mawu a malalanje. Atakhwima, anadzanditenga ine kuti ndidzagwe pamaso pa mayi wa masese.

Pobwerera sindinathe kudziletsa.

"Munati ndulu!"

"Ndinatero, eya. Tsiku loyamba nanenso ndinaona ngati ndulu."

"Munati muli pambuyo panga!"

"Ndakhala pambuyo panu moyo wanga wonse, asewere. Zaka zonsezi ndamwa chipanda chachiwiri, cha malovu anu. Munayamba mwandifunsapo kuti ine ndikuumva bwanji?"

Ndinati ndiwayankhe, koma panali china chimene chinanditseka pakamwa, ndipo ichi sindinauzepo munthu mpaka lero. Tikudutsa m'minda ya mapesi a fodya, kuwawa kuja kunayamba kusintha. M'kamwa munauma bwinobwino, mwaukhondo, ndipo ndikapuma ndinkamva lalanje. Lalanje lenileni! Lilime langa lomwe, limene ndinalidyetsa zaka zonsezi, linayamba kufunsa ngati m'botolo muja munatsalako. Asewere kundipereka, ndi lilime lomwe kupita nawo.

Mawa lake linali Lamulungu, ndipo mayi uja anali ndi mowa wakupsa kunyumba kwake. Titaweruka ku tchalitchi ndinapita, ndinakhala pa mpando wanga wa masiku onse. Nkhani inali itafika kale, chifukwa anyamata ankazunguza makapu opanda kanthu n'kumanunkhiza. Mayi anatunga, anachotsa ufiti, anayenda chogwada kubwera mbali yathu. Ndinatambasula manja. Chipanda chinandidutsa pamphuno, n'kukatera kwa asewere.

"Pepani abambo," anatero mayiyo osandiyang'ana, "ndaopa fumbi lingakhute."

Anthu anaseka mpaka ena kugwa pa mabenchi. Asewere anazunguza chipanda, chipanda cha masese, ananunkhiza, nati akumva fungo la utsi wa msuku, ndipo apereka naini. Masese kupatsidwa malikisi! Amuna anavula zipewa. Ine ndinavala changa n'kunyamuka.

Madzulo ake ndinakana kudya. Ndinauza mayi a kunyumba kuti ine ndi munthu uja basi, kwatha. Maliro ake sindidzapita, anga asadzabwere, ndipo akadzaponda pa chigafa changa ndidzamuthira madzi a fodya. Ndinalumbira ndi kulumbira. Iwo ankangomvetsera, akusankha nyemba m'lichero. Nditatopa, anaika lichero pansi.

"Mwatha, abambo? Mayina awerengedwa lero inu muli ku mowa. Kuponi ya chaka chino yatuluka m'dzina la asewere. Mawa muvale jekete, mukawadzutse bwino, mukawafunse ndi za malalanje zomwe. Akuti samwa ngati wothawa mvula: muzimeza pang'onopang'ono."