Zala za a Sebastiano Zitasiya Kumva Msoko

Kuseri kwa msika wa pa boma la Nsanje, pansi pa mtengo wa nimu, pali chidutswa cha njanji chimene chidasalala pamwamba chifukwa chomenyedwa. A Sebastiano Alufandika akhala akukhomera ndowa pamenepo kuyambira pamene adawoloka malire kuchokera ku Mutarara pothawa nkhondo. Nkhondo itatha anzawo adabwerera kwawo, koma iwo adatsala, chifukwa dzina lawo linali litamera kale kuno.

Wokhoma ndowa sagwira ntchito choimirira. Amakhala pansi, msana utapindika, lata atalipanikiza ndi phazi, dzanja lamanzere likulitembenuza pa njanji, lamanja likukweza nyundo ndi kuigwetsa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Luso lonse lili pa msoko, pamene mbali ziwiri za lata zimapindirana n'kulumana. Maso amanamizidwa ndi msoko. A Sebastiano akamaliza kukhoma ankayendetsa chala chachikulu pamsokopo, ndipo pamene lata silidalumane chalacho chinkawauza. Amisiri ena ankamata phula kuti madzi asadutse. Iwo sadamatepo, ndipo amayi ankachoka ku Tengani pa njinga kudzafuna ndowa yawo, kudumpha za ena onse.

Ululu udayambira paphewa, n'kutsikira pachigongono. Mkono utayamba kufooka, a Sebastiano adachita zimene amisiri akale a pamsikapo amalangizana: adasiya nyundo yawo yaing'ono n'kutenga yolemera, poti yolemera imagwa yokha, munthu amangoiperekeza. Kwa kanthawi zidaoneka ngati nzeru. Chimene sadaganizire n'chakuti nyundo ikamenya chitsulo, mphamvuyo imabwerera kudzera mumpini n'kulowa m'mfundo za dzanja. Adatemera mphini paphewa, adameza mapilitsi a pagolosale. Kuchipatala adawauza zoona: apumitse mkono, ndipo njanjiyo aikweze ifike m'chiuno kuti msana uwongoke. Koma woimirira alibe phazi logwirira lata, ndipo kupuma ndi mankhwala a anthu a ntchito zolembedwa. Adathokoza dokotala, n'kubwerera pansi pa nimu.

Kenaka kudabwera dzanzi, m'manja monse muwiri. Za ululu ankatha kukamba ndi aliyense, nthawi zina moseka. Za dzanzi sadauze munthu. Chala chinkayenda pamsoko monga kale, ogula akuonerera, koma sichinkanena kanthu.

Tsiku lina m'nyengo yotentha, akazi awo a Otilia adatenga ndowa yatsopano kupita nayo kumjigo. Adabwera nayo molunjika pansi pa nimu, nkhata ili chonyowa, bulauzi itamatirira kumsana.

"Bambo a Priska, lero mvula yagwa pa ine ndekha," adatero akutula ndowayo.

"Mwadzazitsa, ndiye atayikira."

"Ine ndidayamba kusenza madzi ndisanakudziweni inu."

A Sebastiano adayang'ana ndowayo. Kadontho kankatuluka pakati pa msoko, n'kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka kugwera m'fumbi.

"Amayi a kumjigo aona?"

"Angalephere kuona? Anita uja waseka mpaka kukhala pansi. Akuti, 'Mwatani amayi, mwayamba kugula kwa Geresomo, amuna anu ali moyo?'"

"Ndiye mwayankha chiyani?"

"Ndati eya."

Geresomo anali mmisiri wa tsidya lina la msewu, mmodzi wa omata phula, ndipo sadawalakwirepo. A Sebastiano sadawathokoze akazi awo, sadawakalipirenso. Adawapempha kuti athire madziwo m'ndowa zina zimene zinali pamalonda. A Otilia ankathira, iwo akuyang'ana. Zina zidasunga madzi, zina zidachucha, ndipo chimene chidawawawa n'chakuti sakadatha kuneneratu kuti yochucha ndi iti.

"Matani phula ngati anzanu, ndani angadziwe?" adatero a Otilia motsitsa mawu.

"Amayi amene akwera njinga kuchokera kutali sadzera phula."

"Nanga tidya dzina?"

Funsolo linali loyenera. A Sebastiano adatambasula manja awo n'kuwaonetsa akazi awo, kwa nthawi yoyamba. Zala zinali zokhota, zosatha kufumbata mpaka kumapeto. A Otilia adatsina chala chachikulu cha dzanja lamanja, mwamphamvu, akuwayang'ana kumaso. Nkhope ya amuna awo sidasinthe.

M'masiku otsatira a Sebastiano adadula ndowa zochucha zija ndi sizasi ya malata, n'kuyamba kupanga mbaula za makala. Mbaula siifuna msoko wolumana, ndipo phindu lake ndi lochepa. Msana udapitiriza kuwawa, phewa nalo, popeza kakhalidwe ka pansi kanali komweko.

Mbiri ya kumjigo inali itayenda. Mayi wina wogulitsa thobwa adafika pansi pa nimu kudzafuna ndowa.

"Za ndowa ndasiya, mayi. Wolokani msewu, mukagule kwa Geresomo."

"Iii, baba, ameneyo? Si uja ndowa yake idasambitsa akazi anu pamjigo?"

A Sebastiano adaika nyundo pansi. Akadangokhala chete, dzina lawo likadakhala lopanda banga mpaka imfa, ndipo anthu akadamakamba za mmisiri amene adasiya ntchito ndowa zake zisanadonthepo.

"Ija inali yanga," adatero. "Mukawauzenso anzanu."

Mayiyo adaima kanthawi, akuyang'ana mbaula zimene zidandandalikidwa pamalo a ndowa. Kenaka adapinda mawondo pang'ono mwaulemu n'kuwoloka msewu. A Sebastiano adakoka lata ndi phazi, adaimika msomali pamwamba pake, n'kuyamba kuboola timabowo tolowera mpweya.