Makapisozi a Achimwene

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Kunena zoona sikunali kudzuka, chifukwa tulo ta pasiwa n'tongotsinzina, mutu utatsamira khoma. Amayi a mpingo anali atatopa ndi kuimba, mawu atasasa, ndipo panja moto wa azibambo unali utasanduka makala. Pakati pa nyumba panali bokosi la achimwene. Kumutu kwake kunakhala alamu, akazi awo, khanda la miyezi isanu lili pamiyendo. Maso athu atakumana ndinayang'ana kumbali, ndipo ndinachita zimenezo tsiku lonse.

Chifukwa chake chinalipo. Ine ndinkagwira ntchito yokolopa ndi kuchapa pa kachipatala kena kufupi ndi boma la Salima, koma kwathu kunyanja ankanditcha adokotala, nanenso sindinkakana. Ndani amakana ulemu? Ndine ndinazoloweretsa achimwene makapisozi aja ofiira mbali ina, mbali ina akuda, amene ndinkagula kumsika. Makapisoziwo anawapoletsa bala la mbedza limene linali litachita mafinya. Anawachiritsa chibayo, kenako kamwazi. Anzawo opha utaka ku chilumba cha Mbenji anatengera, mpaka kumanena kuti palibe nthenda yoposa kapisozi. Ena ankameza awiri asananyamuke ulendo wokadya ndalama za nsomba ku Chipoka, ati kutsekeratu khomo la matenda.

Ndiye achimwene atayamba kuwonda, mashingozi atawazungulira m'chiuno, ndinawapititsira chitini chodzaza. Miyezi itapita osasintha, ndinafunsa bambo wina wothandiza dokotala kuntchito kwathu. Anayamba watseka chitseko, poti masiku amenewo a chipani chimodzi nthendayi sinkatchulidwa mokweza. Anati makapisozi ali ngati ukonde wa chambo: zazikulu umagwira, usipa umangodutsa. Kachilombo aka n'kamtundu wina. Kunja akuyesa mankhwala oti azigwira tizilombo tambiri totere pakamodzi, koma ngakhale amenewo amangofooketsa, sachiza, ndipo kuno sanafike. Anandichenjezanso za akazi awo a achimwene ndi mwana. Ndinamva zonsezo, koma nditabwerera kumudzi ndinauza alamu kuti apitirize kuwamwetsa, awiri m'mawa, awiri madzulo. Ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Kutacha tinasanja mafuwa kuseri kwa nyumba. Mwera unali utayamba usiku, ndipo unkabalalitsa utsi, kutithira mchenga m'maso ndi m'ndiwo momwe. Adzukulu ananyamuka ndi makasu kupita kumanda. Pamsewu panaikidwa nthambi, apanjinga n'kumatsika podutsa. Anthu anayamba kufika: akumtunda atasenza ufa ndi nkhuni, achibale a ku Lilongwe amene anakwera basi yoyamba, ndi amayi ena amene sindinkawadziwa koma ankalira kuposa ife eni maliro. Wina akamakomoka kapena mwana akatentha thupi, ankaitana ine, adokotala. Ndinkathamangirako mosangalala, bola kutali ndi alamu.

Tinkadikira a ku Mbenji. Nyanja inali itayera ndi mafunde, ndipo amalume anati tisawayembekezere, palibe angaike boti pamadzi otero. Koma dzuwa lili paliwombo maboti awiri anaoneka, akumira n'kuvuuka. Asodzi anatsika atanyowa mpaka m'khosi, Akhristu ndi Asilamu pamodzi, atasenza madengu a utaka woti anthu adye pamaliro. Mkulu wina wa mzuli woyera anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Pole, pepani, adokotala. Munayesetsa. Pakanapanda mankhwala anu aja, mnzathuyu akanapita kalekale."

Ndinangoti zikomo. Akutembenuka, ndinaona kuti awiri mwa anzake malaya ayamba kuwakulira.

Pamwambo amalume anafotokoza kuti malemu anadwala chifuwa nthawi yaitali ndipo banja linayesa paliponse. A tcheyamani a chipani anayankhula zawo za bata ndi kumvera, anthu atazolika mitu. Abusa anafupikitsa ulaliki chifukwa mphepo inkawalanda mawu ndi masamba a Baibulo omwe. Palibe anatchula dzina la chimene chinawatenga achimwene, ngakhale ambiri amene anakhala pamchengapo ankalidziwa.

Asodzi anakana kuti bokosi likwere ngolo. Analinyamula pamapewa akulandizana, ndipo ndinamva mmodzi akunong'oneza mnzake kuti n'lopepuka. Achimwene aja, amene pokoka ukonde ankawerengedwa ngati anthu awiri! Apo m'pamene ndinalira zenizeni, misozi yangayanga osati ya mwambo. Alamu ankayenda patsogolo panga atagwiriziridwa uku ndi uku. Khanda linali kumsana kwa mng'ono wawo, likutsokomola kachifuwa kouma, ndipo ine ndinkakamva bwinobwino kupyola nyimbo zonse.

Kumanda sitinakhalitse. Dothi la kwathu ndi lamchenga, siligunda pabokosi, limangotsetsereka. Titaika nkhata mphepo inagubuduza ziwiri, mdzukulu wina n'kuzitsindira ndi miyala. Pobwerera anthu anasamba m'manja, anadya, ndipo akutali anayamba kutsazika kuti apeze basi yomaliza.

Madzulo mwera unaleka. Pabwalo panatsala phulusa, mafuwa akuda ndi agalu onunkhiza minga ya utaka. Nyumba imene inali yodzaza usiku ndi usana inangoti zii. Ndinalowa kuti ndipinde mphasa, ndikuganiza kuti alamu ali kwa amayi awo. Ndinawapeza atakhala pansi pomwe panali bokosi paja, mwana ali pamiyendo, chitini chija chili m'manja.

"Alamu, mwandithawa tsiku lonse," anatero. "Awa atsalako. Ine ndizimwa angati? Nanga mwanayu, ndizimusungunulira m'madzi?"

Bodza linali litafika kale pamlomo, poti njira linkaidziwa. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinakhala pansi pafupi nawo.

"Musamwe, alamu. Mwananso musamupatse. Awa nthenda iyi saigwira. Ndinadziwa kuyambira dzinja lapitali, koma ndinaopa kukuuzani."

"Nanga oigwira alipo?"

"Akuti kunja akuyesa. Kuno kulibe."

Anatembenuzatembenuza chitinicho, makapisozi akulira m'katimo. Ndinkayembekezera kuti anditukwane, ndipo ndikanalandira.

"Ndawamwetsa ndi dzanja langali miyezi yonseyi," anatero motsitsa mawu, "ndiye mukuganiza kuti sindinkaona? Achimwene anu nawonso ankadziwa. Ankati, 'Tandipatsa ndimeze, mlongo wanga angakhumudwe.'"

Anaika chitinicho m'manja mwanga n'kuyamba kuyamwitsa mwana. Palibe anadzuka kukayatsa nyali. M'nyumba monse simunkamveka china koma kupuma kwa khandalo, ndipo tonse awiri tinkakumvetsera.