Laputopu ya Chaka Chamawa

Ntchito yanga inali yojambula makanema a maukwati pa Chonde, koma laputopu yanga inali nkhalamba. Ukaipatsa kanema wautali kuti ilumikize, inkalira ngati chigayo, n'kutentha, kenako n'kuzima yokha. Zinkandinyansa kwabasi.

Kanema amene ankandivutitsa mtima sanali wa ukwati ayi. Anali wa mayi anga akuvina tchopa ku Thuchila, miyezi ingapo asanamwalire. Ndinajambula tizidutswa tambirimbiri, ndipo TV inkakana kutiwerenga tisanalumikizidwe. Abambo, amene anakalambira m'minda ya tiyi, ankafuna kuonera pa TV yaikulu chifukwa maso awo anali atayamba ng'ala. Pakamera ankangoona utsi.

Mchimwene wanga wamng'ono, amene amakhala ku Joni, analonjeza kunditumizira laputopu yatsopano. Koma mwana ameneyo amawerenga zambiri zosamuthandiza.

"Achemwali, dikirani pang'ono," ankatero pafoni. "Chaka chamawa kukutuluka purosesa, ubongo wa laputopu, yokhala ndi kachipangizo koyendetsa zithunzi m'kati momwemo. Sitentha, sidya batire. Kugula lero n'kugula chakale."

Chaka chamawacho chitafika, anati kwamveka ina yoposa pamenepo. Ndinamufunsa ngati maso a abambo nawonso akudikira purosesa. Iye anaseka, kuganiza kuti ndikucheza.

Nditatopa, ndinachita zanzeru zanga. Kwathu thobwa timaliziziritsa pokulunga chigubu m'chiguduli chonyowa. Ndiye ndinanyowetsa chiguduli, n'kukhazikapo laputopu, n'kuyambitsa kanema uja. Inayenda bwinobwino mpaka kupitirira theka, ine n'kumadzitama mumtima kuti a ku Joni aone. Kenako kunamveka fungo la waya wopsa, basi kwake kunatha. Wokonza mafoni pamsika ataitsegula anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati ndinachita kuichapa. Mwayi wake tizidutswa tija tinali pa memori khadi.

Ndinamuimbira mchimweneyo n'kumukalipira mpaka khutu linatentha. Laputopu inabwera pa basi patatha miyezi iwiri, iye akudandaulabe kuti tapupuluma, yabwino ili m'njira. Kunena zoona, makinawo ndi aliwiro. Ntchito imene inandizunza zaka ziwiri inatha madzi a tiyi asanawire.

Ndinapita naye kanemayo kwa aneba amene anali ndi TV yaikulu, n'kuwakhazika abambo kutsogolo kwenikweni kwa TV. Ng'oma zinayamba. Anasendeza mpando, anapukuta m'maso ndi kansalu, anasendezanso.

"Wayatsa kale?" anafunsa.

Ndinati eya. Mtima unandiwawa, ndipo ndinalakalaka mchimwene uja akanakhala pomwepo kuti awafotokozere yekha za purosesa ya chaka chamawa.

Abambo anatchera khutu. Kenako m'kanemamo munamveka nthungululu yaitali, yosasa kumapeto kwake.

"Amayi ako amenewo," anatero. "Zithunzizo zisiye, mwanawe. Ingokweza mawu."