Achemwali m'bokosi la magalasi a nyali

Achemwali anga, amene ndinapondana nawo, anabadwa ndi mafupa osalimba. Mlendo akangowagwira dzanja mwamphamvu popereka moni, basi, mawa lake tili ku chipatala kukaikitsa chikhakha. Dokotala wina wa ku mishoni ku Nzama anauza amayi kuti ndi matenda obadwa nawo, mankhwala ake palibe, chachikulu n'kusamala. Anakula mpaka kukhala mayi wa zaka zake, koma msinkhu unali wa mwana wa sitandade wani, miyendo yopindika, kuyenda osayenda. Wowanyamula, wowasambitsa ndi wokalipira alendo ndinali ine.

Koma mawu, abale! Akayamba kuyimba pakhonde, anthu opita kudimba ankaima ndi makasu paphewa. Ankapekanso nyimbo okha. Ukwati ukayandikira, kuyambira kwathu kufupi ndi Kandeu mpaka ku Champiti, atsikana ankabwera kudzakhala pabwalo pathu kuti achemwali awaphunzitse. Dera lonse linkawadziwa, ngakhale iwo sankapita kulikonse kupatula ku tchalitchi, kumsana kwanga.

Chaka china mvula ili pakati, kunabwera amayi atcheya a chipani a nthambi yathu. Anakhala pamphasa, nayala chitenje chawo bwinobwino.

"Mtsogoleri wa dziko akubwera kudzayendera mbewu," anatero. "Mbumba yonse ikavina ku boma. Ife tikayimba nyimbo imene munatipekera ija, ndipo akuluakulu anena kuti mwini nyimbo akaiyambitse yekha. Lole inyamuka Loweruka m'mawa."

Lole ndinkaidziwa ine: amayi odzaza thothotho, kugwerana pa bampu iliyonse, msewu wake wokumbika ndi mvula. Ndinati, "Pa lole? Mukufuna mudzatibweretsere m'thumba?" Amayi anga ananditsina pantchafu, koma mawu anali atatuluka kale.

Atcheya sanakweze mawu. Anangofunsa kuti, "Ndiye ndikanene kuti banja lino lakana?"

Masiku amenewo mawu oti wakana ankasowetsa munthu, ndipo achibale sankayerekeza n'komwe kufunsa kumene wapita. Tikakana, abambo akanatengedwa. Tikavomera, achemwali akanathyoka nthiti kapena msana lole isanafike pa tala.

"Ndipita," anatero achemwali.

Atcheya atachoka ndinawazazira achemwali. Iwo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe ku boma wapitako kangati? Ine ndimangomva kwa anthu. Nyimbo zanga zimafikako, mwini wake ayi." Mawu amenewo anandipweteka, chifukwa sindinaganizepo kuti pakhonde paja pamawatopetsa.

Lole yake inali ya bambo wina wachisilamu amene anali ndi sitolo pa Kandeu. Chipani chikaifuna chinkangoitenga, mwini wake n'kukhala dalaivala. Ndinapita kwa iwo ndi nzeru yanga yopusa, yoti akanene kuti lole yawonongeka. Ndinawapeza akutsegula katundu kuseri kwa kauntala.

"Mwana wanga, ukufuna ayufi anditsekere sitolo?" anatero. Ayufi anali anyamata a chipani aja a malaya ofiira, ndipo panalibe wofuna kukangana nawo. Ndinapempha kuti mwina achemwali akhale kutsogolo. Anapukusa mutu. Anati kutsogolo kumakhala atcheya awiri opanikizana, ndipo ukaponda buleki munthu wamng'ono ngati uja amakamenya galasi. Kenaka anapisa dzanja m'bokosi lalikulu lamatabwa, natulutsa galasi la nyali lokutidwa ndi udzu.

"Awa achokera ku Limbe pa lole yomweyo. Funamo losweka."

Ndinapsa mtima. "Achemwali anga si katundu!"

"Sindinatero. Ndikuti chinthu chimasweka chikapeza malo ogwedezekera. Ukachithina bwino mbali zonse, chimafika."

Ndinachoka osatsanzika. Koma kunyumba nditafotokoza, ndikuyembekeza kuti onse akwiya nane limodzi, achemwali anati, "Kawauze abweretse bokosilo, ndiliyese."

Loweruka m'mawa bambo aja anagwira ntchitoyo okha, manja awo osathamanga. Pansi anayala udzu wouma wa tsekera wopunthapuntha, pamwamba bulangeti. Ine ndinawakhazika achemwali m'katimo, bambowo n'kumalowetsa udzu kumsana, m'mbali, pansi pa mawondo, akufunsa kuti, "Apa pakuthina? Nanga apa?" Kunja kunatsala mutu ndi mapewa, atavala chitenje cha chipani ngati wina aliyense. Bokosilo analiika kuseri kwenikweni kwa mutu wa lole, nalizinga ndi matumba a madeya, n'kumanga ndi zingwe. Amayi a mbumba ankafuna kuseka koma ankandiopa. Anayamba ndi achemwali eni ake: "Abambo, mukafika ku boma musandigulitse, mwamva?" Lole yonse inafa nacho chiseko.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Bambo aja ankayendetsa ngati ngolo. Ayufi awiri amene anakwera nafe ankamenya denga kuti tichedwa, iwo osawamva. Ine ndinagwada pambali pa bokosi, ndipo lole ikangogwa m'dzenje ndinkati, "Achemwali?" Poyamba ankayankha kuti ndilipo. Kenaka anatopa nane: "Iwe, takhala chete, ndikuona mapiri."

Ku bwalo la msonkhano kunali anthu osaoneka malire. Wapolisi wina ataona amayi anayi atanyamula bokosi anathamanga, nkhope ili gwa, kufuna kudziwa chimene tikulowetsa pafupi ndi nsanja. Atasuzumira anapeza munthu akumupatsa moni mwaulemu. Anabwerera m'mbuyo, natikodola kuti tidutse.

Nthawi yathu itakwana tinaika bokosi pakati pa bwalo, amayi n'kuzungulira. Achemwali anakweza chibwano nayambitsa. Mawu aja anakwera okha, opanda chimkuzamawu, ng'oma n'kulandira, amayi n'kuvomera. Mtsogoleriyo ine sindinamuone n'komwe, maso anga anali pa mapazi a ovina, kuyeza kuti atalikira bwanji ndi bokosi.

Zoopsa zinabwera titatuluka m'bwalo. Amayi a nthambi zina, amene kwa zaka ankangomva za mayi wopeka nyimbo wa ku Kandeu, anatithamangira ndi nthungululu. Aliyense ankafuna kuwagwira dzanja, kuwakumbatira, wina ankakuwa kuti tiwanyamule m'mwamba anthu awaone. Chikondi chenichenicho, koma chikanawapha. Ndinatang'adza bokosi lija, n'kuwerama pamwamba pake, zigongono kunja. Zimene ndinalankhula pamenepo sindingazilembe, ndipo ena mwa amayiwo anali akazi a akuluakulu. Nditacheuka ndinaona atcheya athu aja ataima mbali inayo, manja atatambasula, duku litagwa, akukankha anzawo ngati ine ndemwe. Amayi a nthambi zina aja anatipondaponda, kutikoka zitenje, mpaka ng'oma za gulu lina zinawaitana.

Tinafika kumudzi dzuwa likulowa. Amayi athu anali pamsewu, ndipo anthu anatiuza kuti anakhala pomwepo kuyambira masana osadya. Sanafunse za msonkhano. Tinachotsa udzu pang'onopang'ono, n'kuwagoneka achemwali pamphasa. Amayi anayamba kuwagwira: zala, mkono, phewa, mbali inayo chimodzimodzi, kenaka miyendo. Anaika dzanja pa nthiti nati, "Kokani mpweya." Anakoka. "Kwambiri." Anakokanso, nkhope osasintha. Amayi anakhala pansi pa dothi, n'kuphimba kumaso ndi chitenje. Ine mtima unakhala pansi koyamba chibwerere atcheya pakhonde paja.

Ndi pamene ndinamva kuti phazi langa likuyaka moto. Chala chapakati chinali chitatupa, chitaloza kumbali. Achemwali anati ndiwayandikizire. Anachigwira ndi nsonga za zala zawo, nachitembenuza pang'ono, ine n'kukuwa mayo.

"Chathyoka," anatero. "Choyamba chimenechi eti? Ndiye ukulira chonchi?"

Anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, misozi ili chuchuchu, mpaka amayi anadzuka pa dothi paja n'kuwagwira m'mbali ndi manja awiri.

"Basi, basi, inu! Mwabwera amphumphu kuchokera ku boma, musadzathyokere pakhomo pano."