Msewu wa anthu opanda nkhope

Ndikukumbukira tsiku limene mjomba wanga ananditenga kukaona Amereka pa kompyuta, m'kasitolo kena pafupi ndi mlatho wa ku Mangochi. Amayi anali atapita ku Baltimore kukasamalira nkhalamba, ndipo mvula inabwera n'kutha osatiimbiranso foni. Tinkangofuna kudziwa ngati ali moyo.

Mjomba anavala mkanjo wawo wa Lachisanu n'kudzithira mafuta onunkhira, ati kwa azungu sapitako ndi fungo la usipa. M'kasitolomo munkamveka fumbi lotentha ndi thukuta. Mwini sitolo analemba adiresi ya amayi, msewu wawo n'kutulukira pagalasi.

Ine ndinkayembekezera nyumba zonyezimira. Koma zinali za njerwa zofiira, zothinana ngati mano, mawindo ambiri atakhomedwa matabwa. Panalibe nkhuku, utsi, ngakhale mwana wosewera. Dzuwa linkawala ndithu, koma kunali zii. Mwini sitolo akadina kamuvi ka pagalasipo, msewu unkatsetsereka wokha n'kutikokera m'kati.

Kenako pamasitepe a nyumba ina tinaona mayi atakhala, atafunda chitenje cha maluwa achikasu. Khosi analipendeketsa monga ankachitira amayi akamasankha mpunga. Koma nkhope panalibe. Inali itafufutika ngati wina wadutsitsa chala pa dothi lonyowa.

"Innalillahi! Mlongo wanga amusandutsa ndondocha," ananong'ona mjomba. Ndondochazo ndinkazimva: anthu ophedwa m'matsenga kuti azigwirira ena ntchito.

Mwini sitolo anaseka. "Ayi che mjomba, makinawa amafufuta nkhope ya aliyense."

"Nanga anthu ena onse ali kuti?" anafunsa mjomba.

Mwini sitolo anadinanso kamuvi kuti tiyandikire. Masitepe aja anali opanda munthu, mitengo yomwe inali yobiriwira itayoyoka masamba. Ndinachita mantha kwambiri moti ndinakanika kulira.

Lero ana anga amacheza ndi anzawo a kunja maso ndi maso pa foni, ndipo ndikudziwa kuti zithunzi zija zinajambulidwa nyengo zosiyana. Kudziwako sikunandithandize. Nyumba zonsezo anazigumula, pamera udzu. Amayi sanaimbenso, ndipo sadaka yawo sitinachite, chifukwa palibe amene anabwera kudzatiuza za maliro. Makinawo amasunga zithunzi zakale, choncho nthawi zina ndimabwerera pamasitepe paja. Mwina ndi mayi wa munthu wina, komabe ndimawafunsa kuti adzuka bwanji.